Ndakatulo Zochokera M'zojambula: Lipoti la Maphunziro 8 a Ana a Zaka 8 mpaka 10

Vuto lomwe linalipo

Kalasiyi inali ya ana 36, ndipo onse ankatha kulemba chiganizo chomveka. Kulakatula ndakatulo zoloweza pamtima ankakutha bwino. Koma akauzidwa kuti alembe yawoyawo, zotuluka zinkangokhala ngati akoperana: "Maluwa ndi okongola. Ndimakonda maluwa. Maluwa amanunkhira bwino." M'mizere yotereyi mulibe duwa lenileni. Mwana sanaone kanthu, wangolemba zomwe amamva anthu akunena za maluwa. Kuwalimbikitsa kuti asankhe mawu okoma kunangochulukitsa afotokozi, mpaka maluwa aja anasanduka "okongola kwambiri zedi".

Mawu anawa anali nawo. Mwana wa zaka 9 akamafotokozera anzake momwe wina wagwera pothamanga, aneni ndi mivekero zimatuluka zokha. Chomwe chinkasowa ndi chinthu choti achiyang'anitsitse mpaka aone chomwe mnzake sanachione. Kujambula kumakakamiza zimenezi, pakuti munthu sangajambule tsamba osazindikira kuti mbali ina inadyedwa ndi mbozi. N'chifukwa chake dongosolo lonse linatsata lamulo limodzi: chojambula chiyambe, ndakatulo ibwere pambuyo, ndipo mawu ake atoledwe m'chojambulacho. Njira yofala ija yoti ana alembe ndakatulo kenaka aikongoletse ndi timaluwa m'mbali inasiyidwa dala. Imamaliza phunziro lonse koma siisintha ngakhale liwu limodzi la ndakatuloyo.

Nthawi ndi zipangizo

Maphunziro anali 8, lililonse la mphindi 60, kawiri pa sabata kwa masabata anayi. Ntchito zinali zinayi ndipo iliyonse inkatenga maphunziro awiri, loyamba la manja, lachiwiri lolemba. Kugawa chonchi n'kofunika pa zifukwa ziwiri. Penti ndi guluu zimafuna nthawi kuti ziume, komanso mwana yemwe wagwira burashi saisiya msanga kuti atole pensulo. Ntchito ziwirizi zikaphatikizidwa mu ola limodzi, kulemba kumatsala ndi mphindi zisanu zomaliza, pomwe ena akutsuka m'manja.

Ana anakhala m'magulu 9 a ana anayianayi. Gulu lililonse linkalandira maburashi anayi ophwatalala a masentimita awiri kapena atatu m'lifupi, zitini ziwiri za madzi (chimodzi chotsukira, china chosungunulira penti), bokosi limodzi la makrayoni lokhala ndi woyera, guluu woyera wa PVA wothiridwa m'zivindikiro ziwiri za mabotolo, ndi nyuzipepala zakale zoyala patebulo. Mapepala anali a mitundu iwiri. Polembera ndi pojambulira ndi pensulo pankagwiritsidwa ntchito A4 wamba wa 80 gsm (gsm ndi muyezo wa kulemera kwa pepala). Wa penti anali wokhuthala, wa 160 gsm, chifukwa wamba uja akanyowa amakwinyika ndipo burashi ikadutsa kawiri amabooka.

Ntchito yoyamba: kawindo

Mwana aliyense anapatsidwa katoni ya masentimita 10 mbali zonse, yoboola pakati bowo la masentimita 4 mbali zonse. Patebulo panaikidwa zinthu wamba zomwe zaona masiku: tsamba louma, kiyi wadzimbiri, nthenga, mwala wong'aluka, nsapato yakutha. Mwana ankayendetsa kawindoko pamwamba pa chinthucho mpaka apeze malo omwe amukopa. Mphindi zitatu zoyamba zinali zongoyang'ana, mapensulo ali pansi. Mphindi 15 zotsatira ankajambula zokhazo zomwe zikuoneka m'bowomo, mozikulitsa mpaka zidzaze pepala. Zofufutira zinachotsedwa patebulo, chifukwa zikakhalapo ana ena amamaliza nthawi yonse akufufuta mzere woyamba.

Kawindoko kali ndi ntchito yake. Viktor Lowenfeld, m'buku lake la 1947 lofotokoza kakulidwe ka kajambulidwe ka ana, anaonetsa kuti ana a zaka pafupifupi 7 mpaka 9 amakhala ndi chizindikiro chimodzi chokhazikika cha chinthu chilichonse: nyumba yomweyo, mtengo womwewo, dzuwa pakona. Ukawauza kuti ajambule nsapato amajambula nsapato ya m'mutu mwawo osayang'ananso yomwe ili patebulo. Koma palibe mwana yemwe ali ndi chizindikiro chokonzeratu cha kachidutswa ka chidendene chong'ambika, ndiye sangachitire mwina koma kuyang'ana.

Kujambula kukatha, mwana ankakoka mizere kuchokera pa zigawo za chojambulacho kupita m'mphepete mwa pepala n'kulembapo zomwe akuona, zosachepera zisanu ndi chimodzi. Pabolodi panalembedwa mawu oletsedwa: -kongola, -bwino, -ipa, kwambiri. Pa phunziro lachiwiri ankasankha zinayi, chilichonse n'kukhala mzere wake, ndipo mzere uliwonse unkayenera kukhala ndi mneni. Kuchokera pa tsamba louma pankatuluka ndakatulo za mtundu uwu:

Mbozi inadya apa n'kupita.
Mitsempha yatsala, njira zopanda oyenda.
M'mphepete mwapindika ngati chala chokodola.
Ndikaligwira limalira tswatswa.

Zovuta zinali zitatu. Ana ambiri ankajambula kachinthu kakang'ono pakati pa pepala, kosatheka kulozapo zigawo. Izi zinatha ndi lamulo loti mizere ya chojambula ikhudze mbali zonse zinayi za pepala. Chachiwiri, zolemba za m'mphepete zinkangokhala mayina: "tsamba", "bowo". Funso loti "ukuona chiyani?" limabala mayina okhaokha. Lomwe limatulutsa aneni ndi lakuti "pamenepa panachitika chiyani?", ndipo apa ndi pomwe "bowo" limasanduka "mbozi inadya apa". Chachitatu chinali kusankha zinthu. Zidole ndi maluwa atsopano sizithandiza, chifukwa mwana amazikonda kale ndipo ali nazo kale mawu ake. Chinthu chakutha ndi chomwe chili ndi nkhani.

Ntchito yachiwiri: krayoni, penti yamadzi ndi mvekero

Phula la m'krayoni siligwirizana ndi madzi, choncho penti yosungunula ikapakidwa pamwamba, mizere ya krayoni imatulukira yowala. Ana anasankha chimodzi mwa zitatu, mvula, usiku kapena mphepo, n'kujambula ndi krayoni woyera kapena wachikasu mayendedwe ake okha: kumene madontho akulowera, kumene fumbi likuzungulira. Kenaka anapaka penti yosungunulidwa muyezo umodzi wa penti pa miyezo isanu ya madzi, burashi ikudutsa kamodzi kokha kuchokera mbali ina kufika inzake. Popaka, mwana ankatchula mokweza phokoso kapena maonekedwe a chomwe akupakacho. Kalasi imasokosera ndithu pa mphindi zimenezi, koma m'phokosomo ndi momwe mumachokera "waaa", "bii", "mbee", "psuu" ndi "zii". Mnzake wapafupi ankamulembera mivekeroyo pakapepala.

Apa zolakwika zambiri ndi za manja. Krayoni akapakidwa mopepuka phula limachepa ndipo penti imakwirira zonse. Mwana adinikize mpaka mzere uzing'anima akaupendeketsa ku kuwala. Penti ikakhala yolimba imakwiriranso, ngakhale krayoni atadinikizidwa bwanji, ndiye mphunzitsi aiyese yekha pa kachidutswa asanaigawe. Gulu lililonse lipatsidwe mitundu iwiri yokha. Wofiira, wachikasu ndi wobiriwira ngati thambo ikakumana yonse m'chitini chimodzi imasanduka yamatope, ndipo mapepala 36 amatuluka ofanana. Mapepala aume atagona, osati atapachikidwa, kuti penti isayenderere. Ndakatulo isalembedwe papepala lapentilo. Inki ya maka imafalikira pa chinyezi, ndipo bolopeni ndi pensulo sizilemba pa phula. Ilembedwe pa kapepala kena, kamatidwe pansi pa chojambula zonse zitauma.

Ndakatulo yake inali ya mizere itatu, potengera haiku ya ku Japan. Ku Japan komweko kuli mwambo wa haiga, woika haiku ndi chojambula papepala limodzi, ndipo Yosa Buson wa m'zaka za m'ma 1700 anali katswiri pa ziwiri zonsezi. Chomwe chinatengedwa kumeneko ndi chakuti ndakatulo siyenera kubwereza zomwe chojambula chaonetsa kale. Chomwe chinasiyidwa ndi lamulo la haiku lowerenga maphatikizo 5, 7, 5 m'mizere itatuyo. Aneni athu ndi aatali moti "ndikuyang'anitsitsa" yekha wadzaza mzere wapakati, ndipo mwana akayamba kuwerenga pazala amasankha liwu chifukwa lakwana, chojambula chija n'kuiwalika. M'malo mwake lamulo linali lakuti mzere uliwonse unenedwe ndi mpweya umodzi, ndipo wachitatu utchule chinthu chomwe sichili m'chojambula.

Mdima uli bii.
Mvula ikubwera chopendekera, waaa.
Nyali imodzi yokha sinagone.

Ana akangozindikira kuti mivekero ikuloledwa amaiunjika, ndakatulo yonse n'kukhala "waaa, gugugu, phwa". Malire anali iwiri, ndipo uliwonse uzikhala ndi dzina kapena mneni woutsamira.

Ntchito yachitatu: zong'amba ndi kumata

Iyi ndi yomwe inasintha kalembedwe ka ana koposa zonse. Kuyambira zaka 9, ana ambiri amayamba kuona kuti zojambula zawo sizikufanana ndi zinthu zenizeni, ndipo "ine sinditha kujambula" amayamba kumveka. Kung'amba pepala kulibe katswiri, ndiye mantha amenewa salowapo. Ana anaonetsedwanso zithunzi za ntchito za Henri Matisse, yemwe m'zaka za m'ma 1940, thanzi lake litafooka, ankadula mapepala opakidwa penti n'kuwayala kukhala zithunzi, kuti aone kuti imeneyi ndi ntchito ya akuluakulu omwe.

Mapepala anali otsala a penti a ntchito yachiwiri, zikuto zakale za mtundu umodzi, ndi masamba a nyuzipepala a mawu okhaokha. Magazini azithunzi anachotsedwa, chifukwa ana amangokhalira kusakasaka galimoto ndi nkhope zoti adule. Masizasi sanagawidwe. Mwana aliyense anang'amba zidutswa zisanu zosaposa chikhatho chake, osaganizira chomwe akupanga. Kenaka ankatenga chimodzichimodzi, kuchitembenuza mbali zonse, n'kupereka mayankho atatu a funso loti "chikufanana ndi chiyani?" Yankho loyamba linkatayidwa. Nthawi zambiri limakhala mtambo, phiri kapena mwala, lomwe aliyense m'kalasimo angapereke. Lachitatu ndi lomwe limakhala la mwanayo.

Atatha izi, mwana anasankha chomwe munthu amamva mumtima, kaya mkwiyo, mantha, kusungulumwa kapena chimwemwe, n'kuyala zidutswa zake kuti zichionetse. Kwa mphindi zisanu guluu sanali patebulo. Mwana ankayala, kusuntha, kufunsa mnzake, kusunthanso. Guluu akabwera msanga, chidutswa choyamba chimamatidwa pomwe chagwera ndipo kusankha kumathera pomwepo. Pomata, guluu apakidwe ndi chala kumbuyo kwa chidutswa, kadontho kamodzi pakona iliyonse, osati pa pepala lalikulu. Wochuluka amakwinyitsa pepala ndipo amamatanitsa ntchito za ana zikasanjikizidwa.

Pa phunziro lolemba, mwana anayamba ndi chifanifani chochokera pa chidutswa chake: "Mkwiyo wanga uli ngati chitseko chofiira." Kenaka anauzidwa kuchotsa "uli ngati" n'kuikapo "ndi", n'kumva kusiyana kwake powerenga mokweza. Mayina oti chifanifani ndi chiyerekezo anatchulidwa pambuyo pake, ana atapanga kale zinthuzo. Mafunso awiri ankakankha chiyerekezocho kuti chisathere pa mzere umodzi: "chili ndi chiyani, kapena chikusowa chiyani?" ndi "kuseri kwake kuli chiyani?"

Mkwiyo wanga ndi chitseko chofiira.
Chilibe chogwirira.
Kuseri kwake kuli kagalu kakunjenjemera.

Mzere uliwonse unalembedwa pa kampango kakekake ka pepala ka masentimita atatu m'lifupi, ndipo mwana ankalemba mizere isanu kapena isanu ndi umodzi. Timipangoti tinkayalidwa monga anachitira ndi zidutswa zija: kusuntha, kuwerenga mokweza, kusunthanso, n'kutaya kamodzi. Apa mpomwe zojambula zinapindulitsa kwenikweni. Kwa mwana wa msinkhu uwu, kukonza zomwe walemba kumatanthauza kufufuta ndi kukoperanso, ndipo amakuona ngati chilango. Koma dzulo lake anasuntha chidutswa kanayi popanda kuganiza kuti walakwa, ndiye kusuntha mzere sikumuvutanso. Ambiri anadzipezera okha kuti mzere womwe anaulemba koyamba ("Ndikakwiya ndimamva kuipa") ndi woyenera kutayidwa, komanso kuti mzere wodabwitsa umamveka bwino ukakhala kumapeto.

Chenjezo limodzi pa ntchitoyi. Ndakatulo za mantha ndi mkwiyo nthawi zina zimatulutsa zomwe zikumuchitikira mwana kunyumba. Ana aloledwe kulemba za mantha a mphaka kapena mkwiyo wa mphepo ngati safuna kulemba zawo, pasakhale wokakamizidwa kuwerenga pagulu, ndipo ndakatulo isapachikidwe pakhoma mwini wake asanavomere. Mwana akalemba zosonyeza kuti akuchitidwa nkhanza, mphunzitsi asamufunse pamaso pa anzake. Atsate ndondomeko ya sukulu yoteteza ana.

Ntchito yachinayi: ndakatulo yotenga maonekedwe a chinthu

Ana anaona ndakatulo ya Guillaume Apollinaire ya m'buku lake la 1918, yomwe zilembo zake zimatsika papepala ngati mvula, ndipo anaikonda nthawi yomweyo. Komabe pa ntchito zinayizi iyi ndi yomwe inapereka ndakatulo zofooka. Mwana akajambula mtima kapena nyenyezi n'kuyamba kudzazamo mawu, amabwereza liwu limodzi mpaka malo athe. Zinayenda bwinoko pomwe, mosiyana ndi lamulo lija loti chojambula chiyambe, ndakatulo inamalizidwa kaye m'kope, ndipo chojambula chinali mzere umodzi wautali, monga njoka, utsi kapena mtsinje. Mwana ankagoneka ulusi motsatira mzerewo, kuuwongola pa rula, n'kuwerengera masentimita anayi pa liwu lililonse, kutanthauza kuti mzere wa masentimita 60 umanyamula mawu pafupifupi 15. Poyambira pankaikidwa kadontho kofiira, apo ayi owerenga sadziwa koyambira.

Kuyankhana ndi kupereka malikisi

Asanalembe, gulu linkayang'ana chojambula cha mmodzi wawo, mwini wake ali chete akulemba mawu omwe akumva. Mafunso anatengedwa ku njira yokambirana zithunzi yotchedwa Visual Thinking Strategies ya Abigail Housen ndi Philip Yenawine: pachithunzipa pakuchitika chiyani, waona chiyani kuti unene choncho, tingapezenso chiyani. Lachiwirilo ndi lomwe limagwira ntchito, pakuti limamubweza mwana ku chithunzi. Mphunzitsi sayamikira yankho kapena kulitsutsa, amangolibwereza n'kuloza malowo.

Ndakatulo zitalembedwa, zinkayesedwa chonchi: zojambula zinayi za gulu zinkayalidwa patebulo, mwana wa gulu lina n'kuwerengeredwa ndakatulo imodzi kuti aloze chojambula chake. Akalephera ndiye kuti ndakatuloyo ilibe chinthu chakechake, ndipo mwini wake ankabwerera ku chojambula kukatola china. Mayesowa ana amawamva msanga kuposa ndemanga iliyonse yolembedwa ndi bolopeni yofiira.

Malikisi ankaperekedwa pa ndakatulo yokha. Chojambula chikapatsidwa malikisi, ana amayambanso kujambula zokondweretsa aphunzitsi ndipo madzuwa a pakona amabwerera. Zoyang'ana zinali zinayi: muli chinthu chomwe mwanayo anachiona yekha, muli mneni woonetsa zochitika, muli chomwe chojambula sichingathe kunena (phokoso, fungo, zomwe zinachitika kale), ndipo pali umboni woti mzere wina unasunthidwa kapena kutayidwa. Masipelo ankakonzedwa pokopera komaliza pokha. Ana olemba pang'onopang'ono ankanena mizere yawo, mphunzitsi kapena mnzawo n'kuwalembera pa timipango, koma kuyala ndi kutaya ankachita okha.

Zotsatira

Sabata imodzi ntchito zonse zitatha, ana anapatsidwa supuni yakale patebulo lililonse n'kuuzidwa kulemba ndakatulo popanda kujambula. Ambiri anaitola supuniyo, kuitembenuza, kuyang'ana nkhope zawo zozondoka mkati mwake asanagwire pensulo. Mawu oletsedwa aja anachepa kwambiri ngakhale panalibe wowakumbutsa, ndipo aneni anachuluka. Chomwe sichinakhazikike ndi kadulidwe ka mizere. Timipango titachoka, ana ambiri anabwerera kulemba mpaka kumapeto kwa pepala ngati chimangirizo, zomwe zikusonyeza kuti lusoli linali lidakali m'manja mwawo, lisanalowe m'khutu.

Ana odziwa kujambula sanali patsogolo pa ndakatulo monga ambiri angayembekezere. Ena mwa iwo analemba zochepa kwambiri, poona kuti chithunzi chanena kale zonse, ndipo anafunika kutembenuziridwa chojambula chafufumimba kuti alembe. Omwe anapita patsogolo moonekeratu ndi aja ankapereka pepala lopanda kanthu, popeza tsopano anali ndi zolemba zisanu ndi chimodzi m'mphepete zoti ayambirepo.

Pobwereza dongosololi, ntchito yachinayi ichotsedwe ndipo maphunziro ake awiri apite ku timipango ndi kuwerenga mokweza: mwana mmodzi awerenge, anzake akweze dzanja pomwe wapumira, ndipo mzere udulidwe pamenepo. M'kalasi ya ana oposa 50, ntchito ya penti ichitike theka ndi theka, gulu lina likupaka pomwe lina likugwiritsa ntchito kawindo, chifukwa malo ogonekapo mapepala onyowa ndi omwe amayamba kutha, maburashi asanathe.